Ndinaona njinga, ndinalumbirira nkhope

Omvera anzanga, ine ndinakhalako ku koleji chaka chimodzi ndi theka, ndipo kwathu ku Limbuli zimenezo n'zokwanira kuti munthu azikhulupiriridwa pa chilichonse.

Tsiku lina m'mawa kuli nkhungu, ndinaona wakabaza akutuluka mwaliwiro m'munda wa tiyi. Masana ake, m'munda momwemo munapezeka mtembo wa wosintha ndalama wa ku Muloza. Njingayo ndinkaidziwa: mpando wofiira wamphonje, magalasi awiri. Nkhope sindinaione bwino, koma apolisi atandandalika amuna asanu ndi atatu, ndinaloza mwini njingayo.

Kukhoti ndinakana womasulira. Loya wa bamboyo anandifunsa, "Achimwene, m'nkhungu muja munaonadi nkhope?" Ndinayankha m'Chingerezi changa cha chaka ndi theka kuti ndinaiona. Bamboyo analira kuti m'mawa umenewo njinga inali ndi mnzake wa kutsidya kwa malire, yemwe anaibweza n'kusowa. Anagamulidwa kukhala kundende moyo wonse.

Mwezi watha ndinakwera njinga yomweyo, akupalasa munthu wina.

"Ndi yanu iyi?"

"Ayi bwana, timangolandizana. Lero ine, mawa wina. Chiyambire ndi choncho."

Mkazi wa bamboyo amagulitsa nanazi panjira yomwe ndimadutsa. Sanditukwana. Amangoti, "Mwadzuka bwanji, a maso akuthwa?"

Lolemba ndikupita kwa loya uja kukanena kuti ndinaona njinga basi. Akuti ndikhoza kumangidwa chifukwa chonama nditalumbira. Ndipitabe, ndipo ulendo uno ndikayankhula Chichewa.