Mbiri ya Bambo Ludoviko Kamtedza, Mmisiri wa Njira Zosaterera

Tsiku lina Tionge, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anaima pakhonde n'kufunsa agogo ake chimene amatsukira pansi pomwe galimoto iponda pompano. Anafunsa m'Chingerezi, monga amachitira ana athu kuno kutsidya kwa nyanja. Agogowo anazimitsa makina opopera madzi, namuyankha m'Chichewa kuti sakutsukira galimoto ayi, akutsukira mwendo wa agogo ake aakazi. Mwanayo sanamvetse, anangoseka. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndipo ndinamva zonse. Ndine Cedric Nankhuni, ndakhala moyandikana ndi banjali ku Woodbridge zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo abale andipempha kuti ndiwerenge mbiri ya agogo a Tionge, malemu Bambo Ludoviko Kamtedza.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1957 ku Mtakataka, m'boma la Dedza, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaphunzira kumishoni kufikira Sitandade 8. Atalephera kupitiriza, anapita ku Lilongwe komwe nthawi imeneyo nyumba zinkamangidwa paliponse. Anayamba ndi kukandira matope, kenaka anagwira chipande, mpaka anatchuka pa luso limodzi: kusalaza simenti. Khonde losalaza a Kamtedza, ukalipaka polishi wofiira, unkadziwonerapo nkhope. Ndikutchula zimenezi chifukwa zibweranso.

M'chaka cha 1983 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esnat, amene anali namwino, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mayi anatsogola kubwera kuno mu 2001 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo ndi ana anatsatira mu 2003, nakhala ku Hyattsville. Ine ndinawadziwira kusukulu yamadzulo yophunzira Chingerezi. Ankakhala benchi lakutsogolo, pensulo ili kukhutu ngati ali pantchito. Mu 2005 anapeza nyumba ku Woodbridge, mwamwayi pafupi ndi yanga.

Nyumbayo inali yabwino, koma njira yolowera galimoto pakhomo, ija kuno timati dirayivuwe, inali yong'aluka. Malemu anati mmisiri sangagone pakhomo potero. Anaiwaka okha, naisalaza ndi chipande monga ankachitira kwathu, pamwamba n'kupakapo mankhwala onyezimira. Tonse tinabwera kudzayamikira. Palibe mmodzi wa ife amene anaona vuto, ndipo ine ndinapempha kuti yanganso adzaichite chimodzimodzi.

Mu Januwale 2006 kunagwa mvula yowundana. M'mawa, Mayi Esnat akupita kuntchito, anaponda kamodzi kokha panjira yosalala ija, nagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala miyezi itatu osayenda, ndipo kuyambira pamenepo amayenda ndi ndodo, monga mukuwaonera lero. Mayi sanawanenepo amuna awo, ngakhale tsiku limodzi. Koma malemu anadziweruza okha. Chisanu chitangotha, anatenga hamala yaikulu naphwanya njira yonse ija, ife tikuwaletsa. Anaiwakanso, ndipo konkiriti isanaume anaikoka ndi tsache kuti ikhale ndi timizere togwira phazi. Munthu amene moyo wake wonse ankanyadira kusalaza, tsiku limenelo anaphunzira kukanda.

Chaka chomwecho analowa ntchito kukampani yaing'ono ya zakonkiriti ku Manassas, kuti aphunzire mmene simenti imakhalira m'dziko lozizira. Mu 2011 anayamba kudziyendera okha ndi kalole kawo koyera. Ankatiphunzitsa kuti mdani wa konkiriti kuno si galimoto, koma madzi. Madzi amalowa mumng'alu, akazizidwa amaundana n'kutupa, mng'alu n'kukula; akasungunuka amalowanso mkati kwambiri. Choncho mwezi wa Seputembala uliwonse ankatsuka njira, kudikira masiku awiri kuti iume, kumata ming'alu, kenaka n'kupaka mankhwala olowa mkati otchinga madzi, osati onyezimira aja. Mchere umene anthu amawaza posungunula madzi oundana ankadana nawo koopsa, ati umafumbutsa konkiriti. Iwo ankawaza mchenga.

Ambiri muli pano munachezeredwapo ndi a Kamtedza, ndipo mukudziwa zimene ndikunena. Akafika pakhomo panu ankapempha madzi akumwa. Mukawapatsa, ankatuluka nawo n'kukathira panjira, n'kuwerama kuyang'ana. Madzi akakhala timikanda pamwamba, ankabwerera n'kukhala pansi kuyamba macheza. Madziwo akalowa pansi konkiriti n'kuda, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, achimwene, Loweruka muchotse galimoto. Amayi ena a kumphakati anafika pomawatengera makapu awiri, ina yakumwa, ina yothira pansi. Ena ankati ndi munthu wovuta, makamaka akakupezani ndi thumba la mchere m'galaja. Ine sindinganene kuti ankalakwa kudandaula, chifukwa nanenso ndinalandidwapo thumba. Koma anamwino athu ndi osamalira odwala amene mumadzuka kusanache kukapala madzi oundana pagalimoto m'chisanu, werengani zaka zimene mwatuluka pakhomo panu osagwa.

Malemu anali Mkatolika wokhulupirika. Ankaimba besi m'kwaya ya Amalawi ndi Azambiya imene imakumana kamodzi pamwezi, ndipo anakhala wapampando wa mphakati zaka zisanu ndi chimodzi. Masitepe a holo yomwe timasonkhanira ankawasamalira ndi iwo, popanda wowatuma. Anzawo a ku Lusaka ankawatcha a Mudala a Tsache, iwo n'kumayankha kuti bola tsache kusiyana ndi ambulansi.

Mu Julayi chaka chino anayamba kudandaula m'mimba ndiponso kuonda. Madokotala anapeza khansa ya kapamba, itafalikira kale. Anayesa chithandizo, koma pofika Seputembala sankathanso kudzuka okha. Anapempha kuti bedi lawo alisunthire pawindo loyang'ana kutsogolo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Seputembala anadutsa njira ija isanatsukidwe, ndipo pafupi ndi sitepe yoyamba, pomwe Mayi amatsamiritsa ndodo akamatsika, panatuluka mng'alu. Malemu anauona ali pabedi, ife oyenda tisanauone. Anamwalira Lachitatu pa 9 Okutobala 2024, kunyumba kwawo, Mayi ndi ana ali pambali. Anali ndi zaka 67.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Esnat Kamtedza. Ana atatu, Mac, Phoebe ndi Rejoice. Zidzukulu zisanu, wamkulu ndi Tionge uja, amene tsopano akuphunzira unamwino. Ndiponso mlongo wawo, Mayi Ellah, ndi mng'ono wawo, Bambo Melvin, amene ali ku Mtakataka ndipo akutsatira mwambowu pafoni.

Ndimalize ndi mawu amene anandiuza kuti ndidzanene pagulu, ati kuti ndisadzathawe. Patatsala masiku anayi kuti atisiye anandiitanitsa. Sanalankhule za imfa. Analoza pawindo n'kundiuza kuti mng'alu uja ukapezedwa ndi chisanu choyamba usanamatidwe, pofika Januwale pakhala dzenje la madzi oundana, ndipo Esnat wawo alibe chiuno china choti athyole. Anandifotokozera pomwe pali ndowa ya mankhwala ndi chogudubuza chopakira, nandibwerezetsa ndondomeko yonse kawiri ngati mwana wasukulu. Kenaka anandigwira dzanja. Ndinawalonjeza kuti chaka chino chisanu chisanafike ndimata ndi kupaka, ndipo chaka chilichonse Seputembala akakwana ndizitero, malinga Mayi akuyenda panjira imeneyo ndipo ine ndili ndi mphamvu. Iwo anawonjezera kuti mchere ayi. Ndinavomera kuti mchere ayi.

A Kamtedza, anzanga a kuseri kwa mpanda, gonani mumtendere wa Ambuye. A zanyengo akuti sabata ino kulibe mvula. Lachinayi nditsuka, Loweruka ndipaka. Mayi, galimoto muiike kwathu.