Anati Ndinapha Mayi Anga ndi Pakamwa

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Cape Town ndi a kumudzi komwe. Ine ndine Esinati Nambewe, ndimaluka tsitsi ku Bellville, kuseri kwa renki ya mataxi. Ndikufuna mumve zimene Mulungu anandichitira pamene dzina langa linadetsedwa. Ndinatchedwa mkazi wopha mayi ake ndi pakamwa kuti adye chipepeso, ndipo onena zimenezi anali anthu a mpingo wanga womwe.

Zinayamba chaka cha chilala chija, pamene tinkatsuka mitu ya makasitomala ndi madzi a m'botolo. Tsiku lina ndili mkati moluka, foni inalira. Anali bambo wa Chichewa chofatsa, chaulemu, ngati cha kwathu ku Dedza. Anandiitana ndi mfunda wanga, nati watumidwa ndi a Kamwendo, mkulu wathu wa mpingo, kuti andilowetse m'gulu la mapemphero la pa foni. Anati pabwera uthenga wa manambala, ndimuwerengere. Uthengawo unabweradi, ndipo ndinawerenga, manja ali m'tsitsi la munthu. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akatchula za Mulungu sumufunsa kuti ndinu yani. Komanso kuno kutali, ukamva mawu a kwanu mtima umangotseguka wokha.

Manambala ajawo anali kiyi wa macheza anga onse a pa foni. Madzulo ndinaona kuti macheza sakutseguka, ine n'kumati foni yakalamba, ndidzaikonzetsa kumapeto kwa sabata. Osadziwa kuti bambo uja walowa kale, wavala dzina langa ndi chithunzi changa. Analembera aliyense kuti mayi anga amwalira, ndikusowa thandizo la ulendo, ndipo asandiimbire chifukwa ndikulira. Inu mukutidziwa Amalawi, za maliro sitifunsa kawiri. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Milnerton ndi alonda a ku Montague Gardens anatumiza zomwe anali nazo ku nambala imene iye anawapatsa.

Loweruka amayi a mpingo anabwera kudzandipepesa, atamanga zitenje, nyimbo ili pakamwa. Anandipeza ndikuseka ndi kasitomala, wailesi ikulira. Mmodzi anaimba foni kumudzi pomwepo, ndipo mayi anga anayankha okha, ali kudimba.

Ndinafotokoza mpaka mawu anasasa, koma palibe anandimvera. A Kamwendo anati sanatume munthu aliyense, ndipo zinali zoona, koma kwa anthu zinamveka ngati ndawaphatikiza m'bodza langa. Anandiuza kuti ndiyambe ndavula yunifolomu ya gulu la amayi. Makasitomala a kwathu anasiya kubwera, ena ankachita kuwoloka msewu akandiona. Zonsezo ndikanapirira, koma mayi anandiimbira nati, "Mwanawe, ndinakulakwira chiyani kuti undiike m'manda ndili moyo?" Tsiku limenelo ndinatseka saluni, ndinalira ngati maliro achitikadi.

Ena anandilangiza kuti ndisamukire ku Masiphumelele kumene sandidziwa, ena anati ndingobwerera kumudzi. Ine ndinakana. Wothawa ndi wakuba, ine sindinabe kanthu ka munthu. Lamulungu lililonse ndinkachapa diresi langa, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo, mutu uli chilili. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, simunandibweretse kuno kuti ndife ndi manyazi, yankhulani Inu.

Mulungu anayankhuladi, koma kudzera pakamwa pomwe sindinkayembekezera. Pafupi ndi saluni yanga pali a Mariamu a ku Mangochi, Msilamu, amagulitsa zitenje ndi usipa. Ine ndi iwo tinali titakangana kalekale chifukwa cha fungo la usipawo, moni ankachita kuvuta. Tsiku lina analowa, naima pakhomo nati, "Sisi, ine ndi inu sitimwerana madzi, koma izi ayi. Tsotsi wanu uja wandiimbira."

Bambo uja anapeza nambala yawo m'macheza anga, ndipo anaganiza kuti Mmalawi aliyense wa mmenemo ndi wa tchalitchi chathu. Anawauza a Mariamu kuti watumidwa ndi a Kamwendo kuti awalowetse m'gulu la mapemphero. Mayi wochenjera uja sanamudule. Anamuyankha kuti Ambuye alemekezeke, koma ali busy ndi makasitomala, aimbenso Lamulungu masana akatuluka m'mapemphero.

Lamulungu limenelo a Mariamu analowa mu holo imene timapempheramo, atafunda mpango wawo, nakhala pambali panga. Anthu anatembenuka, manong'onong'o ponseponse. Mapemphero atatha, a Mariamu anapempha kuti anthu asabalalike. Tinadikira. Foni yawo inalira, iwo anaikweza mawu kuti onse amve. Anali mawu omwe aja, ofatsa, aulemu. Anatchula a Kamwendo, eni ake ali chiimire patsogolo pathu, kenako anapempha manambala.

A Kamwendo anatenga foniyo nati, "Bambo, Kamwendo wake ndine. Ndinakutumani liti?" Foni inaduka.

Kenako mayi wina amene ankandinyoza kwambiri anayamba kulira, nati naye anaimbiridwapo ndi mawu omwewo, kungoti foni yake inathima asanawerenge. A Kamwendo anandiitana kutsogolo, napepesa pamaso pa mpingo wonse, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Ndinayenda kuchoka ku benchi ya kumbuyo mosafulumira, kuti aliyense andione bwino. Sindibisa, ndinanyada.

Wakubayo sanagwidwe, ndipo zomwe anthu anapereka zinapita. Macheza anga ndinawalanditsa, n'kuikapo nambala ina yachinsinsi yodziwa ine ndekha. Lero ndikamaluka, kasitomala sangathawe pampando, ndiye ndimamuphunzitsa afune asafune. Manambala obwera pa foni yako ndi ako wekha, usawerengere munthu, kaya abusa, kaya mwamuna wako. Ukamva za maliro pa uthenga, imba umve mawu a mwini wake. Kufunsa si mwano, ndipo Mulungu sakwiya ukadula foni.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandiyeretsa, ndikuthokozanso a Mariamu, amene tsopano timadyera mbale imodzi masana. Inu amene mukunamiziridwa lero, musasamuke, musaweramitse mutu, limbikirani kupemphera pomwe mulipo. Lamulungu lija, tisanatuluke mu holo, a Kamwendo anaimbira mayi anga, nawafotokozera zonse ine ndili pompo. Atandipatsa foni, mayi anati, "Ndiye uzibwera udzandione ndikadali moyo, mwana wanga." Khirisimasi imeneyo ndinakwera basi ya kumudzi.