Ndinaimba Foni Sitima Ili m'Chifunga

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma alongo musandiseke.

Ine nsanje inandidya. Nsanje, abale! Amuna anga, bambo a Chisomo, amagwira ntchito m'sitima yoolotsa anthu kuchoka ku Dover kupita ku France. Masabata awiri pamadzi, awiri kunyumba. Ine ndili ku Nuneaton, mashifiti kuchipatala, ndikaimba foni yosayankhidwa. Iwo ankati, "Mayi a Chisomo, panyanja paja ndi popanikiza. Timadula msewu wa sitima zikuluzikulu, ndipo sitima ilibe buleki. Ntchito yanga ndi maso. Ndikakhala pa ulonda, foni imatsala m'chipinda."

Ine ndinkati bodza. Tsiku lina atayankha foni ndinamva mkazi akuseka pafupi nawo. Akuti ndi bwana wawo, wachiwiri kwa kaputeni. Bwana wanji woseka choncho ndi mwamuna wa mwini? Chakudya chinasiya kulowa.

Ndinapita ku Bilston kwa ankhoswe, ndinalira mpaka kugubuduka pakapeti. Ankhoswe athu nyanja imeneyo anangoionera pawindo la ndege. Anagamula kuti foni izikhala m'thumba, mkazi akaimba aziyankha. Bambo a Chisomo, munthu waulemu, anaomba m'manja n'kuvomera.

Lachiwiri lina m'mawa ndinaimba. Nkhani ndinalibe, abale, ndinalibe! Ndinkangofuna kumva ngati mkazi uja ali pafupi. Anayankha monong'ona, "Kuno kuli chifunga, ndiimba…" Pomwepo ndinamva mkazi uja akukuwa, hutala ya sitima ikulira, zinthu zikugwa. Foni zii.

Maola atatu osamva kanthu. Ndinalephera ngakhale kuyeza BP ya wodwala.

Mukudziwa chimene chinachitika? Pamene iwo anaweramira foni yanga, kutsogolo kunatulukira boti la asodzi, laling'ono loti makina sanalionetse bwino. Amene analiona n'kukhotetsa sitima ndi mkazi yemwe uja. Sitima ndi botilo zinaphonyana ngati kuchoka pano kufika pakhomo apo. M'botimo munali amuna a eni ake. Ine polondera wanga mmodzi, ndikanasiya akazi anzanga ali amasiye, wangayo ali kundende.

Amuna angawo anawaimitsa ntchito mwezi wathunthu. Atawaitana kwa mabwana, amene anawachonderera ndi mkazi yemwe uja. Ndinamuona tsiku limenelo. Ndi wokongola, alongo, musandifunsenso. Mpaka lero kumutchula m'pemphero kumandivuta, koma ndimamutchula, chifukwa Mulungu anapulumutsa banja langa ndi dzanja limene ndinkalitemberera.

Zikomo Yesu, palibe amene anamira. Imirirani mukondwere nane, amayi lululutani! Bambo a Chisomo ndi awo akhala kumbuyoko, amoyo, ntchito ili m'manja. Tikaweruka apatseni moni. Koma alongo, wapamanja basi, Ambuye akadali pa ntchito ndi ine. Aleluya!