Timadontho takuda tomwe mwana wanga anaona m'magazi anga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine mlimi wa ku Mualadzi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anatsala pang'ono kundichotsa chaka chatha, nthawi yopalira chimanga.

Zinayamba ndi kutentha thupi. Ndinagula mankhwala kumsika, ndinamwa masiku awiri, thupi linazizira, ine n'kumati malungo atha. Koma mphamvu sizinabwerere. Khasu linkandilemera ngati mtondo, manja anayera, ndipo ndikaimirira dziko linkazungulira. Achimwene anga anati mizimu yakwiya chifukwa chibwerereni ku Zambia, komwe tinathawira nkhondo, sitinathire nsembe. Ena ankanong'ona za ufiti. Tsiku lina ndinaitana akazi anga n'kuyamba kuwauza malire a munda, poti ndinaona kuti ulendo wakwana. Iwo anangogwada n'kupemphera kuti Mulungu atitumizire munthu wa maso.

Lachinayi lake anafika Rozita, mwana wathu wachitatu, amene amaphunzira zoyeza magazi ku Tete. Sitinamuuze kanthu, anangobwera pa tchuthi. Atandigwira dzanja anakoka chikope changa n'kuyang'ana mkati.

"Ababa, magazi anu atha," anatero. "Valani, tikupita ku Chifunde."

Anandikweza pa njinga yamoto, iye kumbuyo atandigwira kuti ndisagwe. Kuchipatala woyeza magazi anayang'ana pa mikrosikopiyo, makina oonera tizilombo, kwa nthawi ndithu, koma tizilombo sitinaoneke. Rozita anapempha mwaulemu kuti naye aoneko. Anasuntha kagalasi pang'onopang'ono, kenako anaitana woyeza magazi uja. Anali ataona timadontho takuda mkati mwa magazi anga. Atafufuzanso awiriwo anapeza ndi tizilombo tomwe, tochepa, titabisala.

Anandibaya jakisoni, n'kundigoneka masiku anayi. Nditayamba kudya phala ndinamufunsa Rozita kuti madontho aja n'chiyani. Anandiuza kuti kachilombo ka malungo kamalowa m'magazi n'kumadya, koma chimene chimafiiritsa magazi ndi poizoni kwa iko. Ndiye kamachiunjika pambali, ndipo chimada ngati mwaye. Anati kakakhala mwa udzudzu kamadzipangira kokha chofiiritsa magazi chija chifukwa sikangakule popanda icho, koma mwa ine kanali ndi chambiri chongotola.

"Mbewa ikabisala, ababa, gaga yemwe yasiya amaiulula," anatero.

Tsiku lotuluka, woyeza magazi uja anandigwira chanza pamaso pa odwala onse a pakhonde n'kunena kuti, "Mwabala munthu, bambo." Ine sindinapite kusukulu ngakhale tsiku limodzi, dzina langa ndimasaina ndi chala. Koma pakhonde paja ndinayenda mutu uli m'mwamba, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ameneyu ndi wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la akazi anga n'kuyankha kudzera mwa mwana amene tinamubereka kumbuyo ife tomwe. Inu amene mukudwala, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera, koma kayezetseni, ndipo mankhwala mumalize. Amene muli ndi ana aakazi kusukulu, anthu akamati mukutaya nthawi, limbani mtima. Chimanga cha m'munda uja ndinkawauza akazi anga malire ake ndinakolola ndekha, ndipo dengu loyamba ndinalisenza mpaka kutchalitchi. Ameni.