Kansanza Pamkono wa Mwana

Pamzere wogula buledi ku Boston, chaka chimene nthomba inkapulula anthu, Mehitable anamulandira mwana mayi wina wosamudziwa kuti apumuleko.

"Mwamva za dokotala uja?" anatero Mehitable. "Akumacheka anthu abwinobwino pamkono n'kupakapo mafinya a wodwala nthomba!"

"Akuti umangodwala pang'ono, ukachira sudzadwalanso," anayankha mayiyo.

"Kumeneko n'kuputa imfa dala! Ochekedwawo akupatsiranso anzawo. Mayi wanzeru zake angapereke mwana?"

"Anga atatu ndaika m'manda mwezi uno, amayi. Wanditsalira yekhayu."

Mehitable anamva thupi la mwanayo likutentha pachifuwa pake. Pamkono wa mwanayo panali pomangidwa kansanza.

"Nanga kansanzaka n'kachiyani?"

"Musakamasule. Sipanapole."