Tsiku Limene Ndinabereka Mwana Kupita Kusikelo

Aulutsi, ine ndine mlimi wa nandolo kuno ku Migowi. Mkazi wanga atadwala, ndinabereka mwana ndi chitenje kupita naye kusikelo. Anyamata a pamsika anandikuwiza: "Madala awa anadya khuzumule! Si mphongo ayi!"

Ndinafika kuchipatala manyazi atandigwira. Asisitere a ku Spain omwe ankayeza ana, nditawafotokozera zomwe anyamata aja ananena, anaseka. "Bambo, kwathu mphongo timati macho. Mwamuna wodzitukumula timamutcha choncho, tondenso chimodzimodzi."

Pobwerera anyamata aja anayambanso. Ndinaima, mwana ali mtulo kumsana. "Ana inu, umphongo ngakhale tonde ali nawo. Munamuonapo akusamala mwana wake?"

Mwezi wotsatira ndinamuberekanso ndekha kupita kusikelo, mkazi wanga ali bwinobwino.