Kachitini ka Kuseri kwa Mbaula

Ine, Dinnah Nangondo, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa m'mudzi wa Chimtengo ku Dedza, mlimi, ndikunena izi ku polisi ya ku Wolverhampton lero Lolemba, mwezi wa Novembala 1998. Kusukulu sindinapondeko. Akundilembera ndi a Suzgo, amene akumasuliranso. Ndimakhala ku New Cross kwa mwana wanga Deliwe, namwino, ndi mwamuna wake Henry. Ndinabwera kudzalera khanda lawo, Zoe.

Woyamba kundiuza za mbaulayi ndi Helen, mnzake wa Deliwe, dzulo masana ku Nuneaton titatuluka m'mapemphero. Anati, "Agogo, lero mukaotha ngati kumudzi. A Henry akukuikirani mbaula ya nkhuni, koma ati ndi sapulaizi." Ndinafunsa kuti akuiika pati. Anati m'phanga lija la pabalaza.

Apa mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono, bwana, apo ayi simumva. Pabalaza pali phanga la njerwa pamene eni nyumba akale ankasonkhapo malasha, ndipo utsi unkakwera m'chumuni. Ife tinapeza lili lozizira, moto sunayakemo zaka. Mchombo wa Zoe utagwa, Henry anati utayidwe, ati nkhani ya haijini. Kwathu mchombo sutayidwa. Umakwiriridwa pakhomo, ndiye munthu amadziwa kwawo. Ndinaukulunga m'kansanza, n'kuika m'kachitini kanga ka fodya wamphuno, n'kupisa mkono m'phangamo mpaka m'phewa. Muli kashelefu ka njerwa m'mwambamo. Ndinaika pamenepo kuti ndidzapite nako ku Dedza pa Khirisimasi. Deliwe ankadziwa. Henry sitinamuuze.

Helen atanena zija, Deliwe anasiya tiyi wosamwa, tinakwera sitima. Tinafika dzuwa, ngati limenelo mumalitcha dzuwa, litangolowa.

Tinapeza phanga kulibe. Munali mutalowa chimbaula chachitsulo chakuda, cha chitseko chagalasi, chodzaza phanga lonse. M'mbali ndi pamwamba anatseka ndi chitsulo n'kumata simenti, yosauma n'komwe. Popisa ngakhale chala panalibe. Amene anaika, a Justus a ku Chipata omwe timapemphera nawo, anali atapita, koma zida anasiya pansi pa windo. Henry anali atagwada, akuyala tinkhuni, machesi ali m'manja.

Deliwe anati, "Usayatse. Kuseriko kuli mchombo wa mwana." Henry sanatembenuke. Anati, "Mulibe kanthu m'menemo." Mawu ake ndi amenewo, mulembe momwemo. Ine mkamwini sindiyankhula naye maso ndi maso, ndiye ndinayang'ana khoma n'kunena kuti, "A bambo a Zoe, ndinaika ndi dzanja langali." Anabwereza, "Mami, mulibe kanthu." Anakhwatcha machesi.

Nkhuni zinagwira. Deliwe anandipatsa mwana, anathamangira kukhitchini, anabwera ndi ketulo n'kuthira madzi m'mbaulamo. Nyumba inadzaza utsi ndi nthunzi. Kenako anatola hamala ya a Justus n'kuyamba kugumula simenti ya pamwamba. Henry ankakuwa m'Chingerezi, zimene sindinamve. Hamala inaterereka n'kumenya chitseko, galasi linasweka. Henry anadumpha kuti agwire chitsekocho, dzanja lake lamanja linalowa pagalasi. Magazi anagwera pakapeti.

Mwandifunsa kawiri ngati Deliwe anamenya mwamuna wake. Ndayankha kawiri. Hamala inamenya simenti ndi galasi. Munthu sinamukhudze. Ndinali chiimire pafupi ngati apa ndi pachitseko icho, mwana ali pachifuwa, ndipo maso anga ndi abwino, ulusi ndimalowetsa ndekha m'singano.

Mayi wachizungu wa khomo linalo ndiye anaimba foni. Anabwera apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Anaona hamala m'manja mwa Deliwe, anaona magazi, anamutenga. Iye akutuluka anati, "Amayi, musalole ayatsenso." Henry anapita kukasokedwa dzanja n'kubwerako. Anandipeza nditakhala pansi patsogolo pa mbaulayo. Anandidutsa n'kukwera kuchipinda. Chonsecho pakamwa pake panalibe bala.

Lero m'mawa kunabwera galimoto la zinyalala, monga limabwerera Lolemba lililonse. Bini anatulutsa ndi Henry yemwe, ndi dzanja lamanzere. Ndinaona pawindo anyamata akukhuthula, galimoto n'kukhota pakona. Ndinali ndikugwedeza mwana.

Pasanapite nthawi anafika a Justus kudzatenga zida zawo. Ataona galasi anagwira pakamwa. Ndinawapempha kuti azule mbaulayo ndichotse chinthu changa. Anafunsa kuti chinthu chanji. Nditawauza anatembenukira kwa Henry, amene anali pamasitepe, n'kunena kuti, "Si kachitini kaja, bwana? Kaja kanagwa ndikusesa chumuni? Ndinakupatsani m'manja, munatsegula." Henry anati, "Ndinakaponya m'bini." A Justus anafunsa, "Nanga dzulo osangowauza bwanji?" Henry anati, "Ndinawauza kuti mulibe kanthu."

Biniyo imakhala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Kachitini kanagona m'menemo, ine ndikulondera mbaula pabalaza, mwana wanga ali m'chitolokosi mwanu muno.

Ndinayang'ananso khoma n'kufunsa kumene galimotolo limakataya, kuti Zoe akadzakula n'kufunsa kwawo tidzakhale ndi pomulozera. Henry anati sakudziwa. A Justus anati nawonso sakudziwa. Ndafunsa a Suzgo, ndafunsanso inu bwana, nonse mwapukusa mitu.

Deliwe sanamvebe. Mukamutulutsa ndikamuuza ndekha.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo andiwerengera ndamva.

Chidindo cha chala chachikulu chamanja: Dinnah Nangondo